Chipsera Chimene Foni Idafufuta

Mutu 6

1. Jumbo ya shuga

Chithunzi cha amayi ake a Lilian chidali chimodzi chokha. Chinkakhala m'jumbo ya shuga, jumboyo pansi pa sutikesi, ndipo sutikesiyo inkakhala pamwamba pa njerwa kuopa chiswe. Chiswe chidalepheradi, koma mvula idapambana. Chaka china denga lidadontha, madzi n'kulowa. Kuyambira pamenepo nkhope ya mayi Enelesi inkaoneka ngati ya munthu amene waima kuseri kwa utsi.

Mayiwo adamwalira Thoko, mng'ono wake wa Lilian, akungophunzira kumene kuyankhula. Tsopano Lilian adali Fomu 2, Thoko Sitandade 1, ndipo kamwanako kadali ndi funso limodzi losatha.

"Asisi, amayi ankaoneka bwanji?"

Kankafunsa kumjigo, kankafunsa kuchigayo. Kutchalitchi ndiye kankachititsa manyazi. Amayi a kwaya akangoimirira, iko kankayamba kuwayang'ana mmodzimmodzi, kenaka n'kumukoka Lilian diresi. "Ankafanana ndi awo? Nanga awo akumapetowo?" Lilian ankangoti, "Khala chete iwe," koma mumtima zinkamupweteka.

Chithunzi cha m'jumbo chija Thoko adachionapo kamodzi, n'kunena kuti, "Sakuoneka." Bambo awo, a Efulemu, adachibweza msanga m'sutikesi, ndipo tsiku limenelo sadayankhule zambiri.

Tchuthi cha mwezi wa Ogasiti chitayamba, kudabwera foni yochokera ku Nathenje, kwawo kwa malemuwo, kumene adaikidwa. Adali amalume ake a Lilian, a Abednego. Chiliza chidali chitatha kumangidwa ndipo mwambo wake udali pafupi. Abale adagwirizana zoti onse adzavale matisheti okhala ndi nkhope ya malemu.

"Iwe Lilian, foni ndidakupatsa ija si yongoonerapo magule," adatero amalumewo. "Ujambule chithunzi cha amayi ako unditumizire pa Watsapu. Usachedwe."

Lilian adayesa. Koma foni yake idali yakale, galasi lake long'aluka, kamera yake yotha maso. Utsi uja udangowonjezereka. M'mawa mwake adapempha bambo ake kuti apite nacho chithunzicho ku Mitundu, kwa mnzake Shifa, amene adali ndi foni yabwino.

A Efulemu adatulutsa jumbo ija, n'kuigwira nthawi yaitali asadaipereke.

"Ukachigwire ngati dzira," adatero. "China kulibe."

2. Kwa Shifa

Shifa adali mnzake wa m'kalasi. Amayi ake, a Zawadi, adali ndi kashopu ka zipangizo za foni pafupi ndi pokwerera maminibasi. Ukafika, katundu ankakulonjera ali lendelende: machaja, makava amaluwamaluwa, mahedifoni, mamemori, magalasi omata pa foni ndi mapawabanki olemera ngati njerwa.

Pankhani ya mafoni, Shifa adali wailesi yosatha mabatire. Chatsopano chilichonse ankayamba kuchimva ndi iyeyo, ndipo ukamufunsa chimodzi ankakuyankha ndi zina zomwe sudafunse. Lilian adamupeza akulimbana ndi bambo wina wa kabaza.

"Pawabanki ya sola ija yandigwiritsa fuwa la moto," ankadandaula bamboyo. "Ndaiyanika padzuwa tsiku lonse ngati mphale, koma foni osadzaza."

"Kagalasi ka solako ndi kakang'ono, achimwene, kamangothandizira," adatero Shifa. "Muziyamba mwaitchaja pamagetsi. Ndiye musamaisiye padzuwa lamasana, batire limatupa. Komanso chingwe chanucho chidathyokera m'kati, ndachiona kale."

Bamboyo adagula chingwe n'kumapita akupukusa mutu. Shifa adatembenuka, n'kumuona mnzake.

"Lili! Wamva? Kwabwera mawotchi oyankhirapo foni. Munthu umangoyenda ukuyankhula ndi dzanja lako, anthu n'kumakuthawa. Abweranso mahedifoni opanda zingwe aja, koma iwe usagule. Mmene ndimakudziwira, kamodzi ungakataye tsiku lomwelo."

"Ndabwerera zina," adatero Lilian.

Adamasula jumbo ija n'kufotokoza za chiliza ndi matisheti. Shifa adachiyang'ana chithunzicho, ndipo kwa kanthawi wailesi idazima. Kenaka maso ake adawala.

"Izi ndiye zosavuta. Pali apu ina yatsopano yokonza zithunzi zakale. Umangoikamo chithunzi, iyo n'kuchotsa mabanga onse, nkhope n'kuwala ngati munthu wajambulidwa lero."

3. Mawu a mayi a Shifa

A Zawadi adali chakumbuyo, akumata galasi pa foni ya kasitomala. Atamva zimenezi adasiya ntchito, adapukuta m'manja, n'kupempha chithunzicho. Adachilandira ndi manja awiri.

"A Enelesi," adatero chapansipansi. "Ankakhala apo, pamene pali mayi wa mbatatayo, ndi lichero lawo la mtedza. Dzuwa likatentha ankabwera pamthunzi wa shopu ino. Ine ndikapita kumzikiti kokaswali, ondiyang'anira katundu adali iwowa."

Adabweza chithunzicho kwa Lilian, n'kukhala pansi.

"Ana inu, tamverani. Zinthu zili munozi ndimadziwa ntchito yake. Chaja imadyetsa foni. Kava imaiteteza ikagwa. Galasi ili limalandira ming'alu m'malo mwa foni. Zonsezi ndi zoteteza foni. Koma choteteza munthu ku foni sindidachipeze, ngakhale ku Lilongwe kumene ndimakapikula katundu.

"Apu mukunenayo ndidaiona. Mwezi wathawu mtsikana wina wa cha ku Dzalanyama adakonzetsa chithunzi chake n'kutumiza kwa mnyamata wa ku Joni. Mnyamatayo atabwera adamudutsa padepoti pomwepa, khosi lili m'mwamba, akufunafuna munthu wa pa foni. Tidaseka, inde. Koma mtsikana uja ndi wamoyo. Adamukoka malaya n'kunena kuti, 'Munthu wake ndine!' Nkhani n'kuthera pomwepo.

"Womwalira sangatero. Mukamusintha nkhope sabwera kudzakana. Amangokhala mmene mwamuikiramo, mpaka ana ake n'kuiwala mmene Mulungu adamuumbira. Makina amenewo a Enelesi sadawaonepo. Pamene sakuona bwino amangopeka, ndipo amapeka zimene anthu amakonda kuona. Sindikukuletsani, mafoni ndi anu. Koma iwe Lilian mwana wanga, chimene chituluke pamenepo uchiyang'ane ndi maso a mwana wawo, osati maso a pamsika."

Nthawi ya swala yamasana itakwana, mayiwo adakonza mpango wawo n'kutuluka.

Atsikana aja adayang'anana. Ana a masiku ano malangizo amawamva bwinobwino, vuto ndi lakuti chala chimakhala chili kale pa foni.

"Tingoyesa," adatero Shifa. "Ukapanda kuchikonda tifufuta."

Adachijambula ndi foni yake n'kuchilowetsa mu apu ija. Kachizindikiro kadazungulirazungulira, kenaka nkhope idatulukira.

Lilian adagwira pakamwa. Utsi wonse udali utachoka. Pa foni padali mayi wa khungu losalala, woyererapo, wa maso owala. Duku lidali lomwe lija, bulauzi yomwe ija. Koma mpata umene udali pakati pa mano akutsogolo, mpata umene Lilian nayenso adabadwa nawo, udali utatsekeka. Ndipo pamwamba pa diso lakumanzere, pamene chipsera chachitali chinkasuzumira pansi pa duku, padali posalala see.

"Chipsera chapita kuti?" adafunsa Lilian.

"Apuyi yayesa kuti ndi litsiro la pachithunzi," adayankha Shifa. "Ukuchifuna?"

Lilian adakumbukira mmene amayi ake ankatsitsira duku mpaka m'nsidze akamapita pagulu. Adakumbukiranso nkhope yawo ya masiku omaliza, yowonda ndi yotopa. Mayi wa pa foniyu ankaoneka kuti sadadwalepo chibadwire, ndipo Lilian adamukonda.

"Chisiye choncho," adatero. "Amayi ankachita nacho manyazi."

Shifa adachitumiza pa foni ya Lilian. "Ika pa sitetasi ya Watsapu, anthu aone!" Lilian adaikadi, n'kulemba pansi pake kuti, "Amayi anga." Kwa amalume adati atumiza madzulo, bambo ake akayamba achiona.

4. Alendo pakhomo

Adafika kumudzi dzuwa litapendeka. Thoko adali pabwalo akusewera phada ndi anzake.

"Thoko, bwera udzaone amayi."

Kamwanako kadataya mwala, kadapukuta manja pa diresi, n'kulandira foni mosamala. Kadayang'anitsitsa nkhope ija.

"Awa?"

"Eya."

"Amayi anga ineyo?"

Lilian adagwedeza mutu. Thoko adapsompsona galasi long'aluka lija, kenaka adaliyatsa liwiro. Adaonetsa anzake onse, adaonetsa mayi woyandikana nawo, ngakhale mbuzi ya pachingwe idaonetsedwa. "Amayi anga ndi okongola kuposa a inu nonse!" ankakuwa. Lilian adali asadamuonepo akusangalala chomwecho, ndipo naye mtima udali m'malo.

Posakhalitsa a Efulemu adatulukira kuchokera kudimba, kheni yothirira ili m'manja.

"Ababa, taonani!" adakuwa Thoko.

Adatula kheni, adalandira foni, n'kuitalikitsa kumaso monga amachitira akuluakulu. Adamwetulira mwaulemu.

"Mayi aulemu wawo ndithu. Ndi aphunzitsi ako, Lilian?"

Thoko adaseka mpaka kukhala pansi.

"Ababa inunso! Ndi amayi!"

A Efulemu adayang'ananso. Adaona duku, adaona bulauzi, kumwetulira kuja n'kutha. Adabweza foni m'manja mwa Thoko pang'onopang'ono.

"Pita ukacheze nawo pansi pa mtengo wa mango apo, mwana wanga."

Thoko atachoka, adakhala pakhonde n'kumuitana Lilian. Sadakalipe. Bwenzi zili bwino akadakalipa.

"Dukulo ndalizindikira, ndidagula ndine," adatero. "Koma amene walivalayo sindidakwatirane naye."

"Ndimafuna kuwakonza, ababa. Chipsera chija ankachita nacho manyazi."

"Manyazi? Adakuuza ndani?"

A Efulemu adapukuta thukuta ndi chipewa, n'kuyamba kufotokoza.

"Iwe nthawi imeneyo udali kwa agogo ako ku Nathenje, ndiye udangomva zoti chigafa chidagwa. Zinazo sitidakuuze. Idali nyengo yosoka fodya. Amayi ako adali m'chigafa akusoka, Thoko ali khanda, atamugoneka pa chiguduli pambali pawo. Ine ndidali kumunda kothyola. Kudabwera chimphepo ndi mvula, udzu wa padenga udalemera, nsanamira n'kuyamba kulira. Potulukira padali pafupi, akadafuna akadathawa okha. Iwo adadziponya pamwamba pa mwana. Mtanda umene ukadaphwanya mutu wa Thoko ndi umene udawang'amba pamwamba pa diso.

"Nditafika ndidawapeza magazi ali chuchuchu, koma iwo akuseka, mpata wa mano uja uli poyera. Akuti, 'Bambo a Lilian, mwana alibe ndi kabala komwe.' Ndidawakweza panjinga mpaka kuchipatala ku Mitundu, njira yonse akungobwereza mawu omwewo.

"Duku ankalitsitsa chifukwa anthu sasunga pakamwa. Sankafuna kuti mwana akule akumuloza zala kuti ndi uyu adavulazitsa amake. Kodi pakhomo pano udawaonapo atabisa? Ankandiuza kuti, 'Ndikadziyang'ana pagalasi ndimaona kuti mwana wanga ali moyo.'

"Mwana wanga, foni si yoipa. Imatiyankhulitsa ndi abale, imatiuza za mvula, imakuthandizani kusukulu. Koma leroli yapeza malo amene amayi ako adaonetsera chikondi chawo chonse, n'kuwapukuta ngati litsiro. Ndipo iwe wailola chifukwa sudafunse. Chimene sukuchidziwa chiyambi chake usamafulumire kuchikonza.

"Sindikulamula ayi, wakula. Mng'ono wako lero wapeza amayi. Ukafuna musiye nawo amenewo, akule akukonda munthu amene sadakhaleko. Ukafuna kamuuze zoona, koma alira. Zonse ndi zowawa. Sankha wekha."

5. Pansi pa mtengo wa mango

Thoko adali atakhala pamuzu, foni ili pamaondo, akuicheza.

"Amayi, ine ndimatha kulemba dzina langa. Komanso ndimatha kusenza ndowa yaing'ono osagwirira."

Lilian adaima chapatali, jumbo ya shuga ili m'manja. Kubwerera kudali kosavuta, ndipo miyendo inkafuna zomwezo. Koma adapita, n'kukhala pansi pambali pa mng'ono wake.

"Thoko, ndakunamiza. Sindimafuna, koma ndakunamiza. Awo si amayi. Foni yangopeka nkhope imeneyo."

Thoko adakumbatira foni pachifuwa.

"Bodza! Ndi amayi!"

"Amayi enieni ndi awa, a m'jumbomu."

"Amenewo sakuoneka! Ndikufuna okongolawa!"

Adalira mokweza mpaka nkhuku zidabalalika. Lilian sadamuletse. Adamunyamula n'kumukhazika pamiyendo, naye misozi ili mbwembwembwe. Kulira kutachepa, adatulutsa chithunzi chija n'kuchilozetsa kumene kunkachokera dzuwa.

"Yang'anitsitsa. Usafulumire."

Zithunzi zakale zimafuna munthu wodekha. Ukaziyang'ana mothamanga umangoona mabanga, koma ukafatsa utsi umayamba kupatuka. Thoko adapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kuyandikitsa nkhope.

"Akuseka," adatero.

"Eya. Ukuona mano awo?"

Thoko adayang'ana pachithunzi, kenaka adakweza mutu n'kuyang'ana pakamwa pa Lilian. Adabwereza kawiri.

"Ngati anu, asisi!"

"Ngati anga."

Kachala kake kadayenda pang'onopang'ono, n'kukaima pamwamba pa diso lakumanzere. "Nanga ichi?"

Lilian adamufotokozera zonse: za fodya, za mphepo, za chigafa, ndi za khanda limene lidagona pa chiguduli. Thoko adamvetsera osaphethira.

"Khandalo ndinali ine?"

"Unali iweyo."

"Ndiye sanathawe?"

"Sanathawe."

"Zinawawa?"

"Zinawawa kwambiri."

Thoko adakweza chithunzicho kufika nacho pakamwa, n'kuuzira pa chipsera paja, fuu, fuu, monga Lilian ankamuchitira iyeyo akapunthwa chala.

"Pepani amayi," adatero. "Pola, pola."

Pakhonde paja a Efulemu adatembenukira kukhoma, n'kumakonza kheni imene idalibe vuto lililonse.

Thoko adatola foni pansi n'kumupatsa Lilian. "Achotseni awa. Azipita kwawo."

Lilian adafufuta chithunzicho. Chala chisadachoke pagalasi, foni idanjenjemera. Udali uthenga wa mawu wochokera kwa amalume a Abednego. Adautsegula, ndipo mawu awo adamveka bwalo lonse.

"Lilian, wagwira ntchito, mwana iwe! Chithunzi chija ndachiona pa sitetasi yako, ndachitenga pomwepo, usavutikenso kutumiza. Mlongo wanga waoneka ngati bwana! Ndachipereka kale kwa wosindikiza matisheti kuno ku Nathenje, akuti ayamba mawa m'mawa. Kuno magetsi kulibe, foni ikuzima."

Za sitetasi zija Lilian adali ataiwaliratu. Adaichotsa msangamsanga, koma kudali kutachedwa. Adaimba foni ya amalume, sidalowe. Adaimbanso, chimodzimodzi.

"Ndiye anthu onse adzavala amayi abodza aja?" adafunsa Thoko.

A Efulemu adalowa m'nyumba, n'kutuluka akukankha njinga, pampu ili m'khwapa.

"Tinyamuka kukangocha," adatero akupopa tayala lakumbuyo. "Ine ndipalasa. Koma amalume ako akakonda chinthu sachisiya msanga, ndipo wokayankhula nawo ndiwe."

Chibadwire Lilian adali asadawatsutsepo amalume ake.

Thoko adabweza chithunzi chija m'jumbo ya shuga, adapinda kukamwa kwake bwinobwino monga adaonera bambo ake akuchitira, n'kuchipereka kwa mkulu wake ndi manja awiri.

"Mukawaonetse awa," adatero. "Koma pogwira musakhudze apa. Pakuwawabe."